Holo Yopanda Gome

Lachinayi masana, Dainess atatuluka m'kalasi manja ali mbuu ndi choko, anaona Mervin ataima pa bolodi la zidziwitso kutsogolo kwa ofesi ya koleji. Anamuthamangira akumwetulira.

"Iwe, wabwera nthawi yanji? Osandiflasha bwanji?"

Mervin sanatembenuke.

"Tabwerani muone, a Dainess."

Kumwetulira kuja kunazima. Miyezi isanu ya chibwenzi chawo, Mervin anali asanamuitanepo choncho.

Pabolodipo panakhomedwa mapepala atatu akuluakulu. Anali mapulani a holo yatsopano yophunziriramo imene mishoni inkafuna kumanga, popeza chaka chimenecho, 2004, koleji ya anamwino inali kukwezedwa kukhala nthambi ya yunivesite. Dainess anawazindikira nthawi yomweyo. Holo yopindika ngati theka la lichero, masitepe otakata otsikira pakati, mazenera aatali m'mwamba. Koma panali zina zimene sanazidziwe. Kutsogolo kunali nsanja yaitali, gome pamwamba pake, ndipo pakati panadutsa kakhoma kogawa holoyo pawiri. M'munsi mwa pepala lililonse munali chidindo cha Everson Likoswe, kontrakitala wa pamishoni pomwepo.

"Koma awa ndi ako," Dainess anatero motsitsa mawu.

"Anga? Werengani dzinalo. Kuwerenga mumatha, ndinu aphunzitsi."

"Mervin, tiye tikakambirane kwina. Ana asukulu akutiyang'ana."

"Atiyang'ane. Mapepala awa anagwidwa ndi anthu awiri okha, ine ndi inu. Ine sindinapatse munthu. Funso langa ndi limodzi: anatuluka m'chipinda chanu kapena ayi?"

Dainess anayang'ana pansi.

"Ndinawaonetsa bambo."

"Ndinati chiyani tsiku limene ndinkakusiyirani?"

"Unati asaone munthu mpaka tsiku la komiti."

"Ndiye bambo anu si munthu?"

"Ndinkafuna akuone mmene ulili! Ndinkati akaona ntchito yako asiya kukunyoza."

Mervin anaseka, koma maso ali gwa.

"Aiona ntchito yanga. Aikonda mpaka aipatsa mkamwini wa kumtima kwawo. Miyezi inayi ndikuweruka ku Blantyre n'kumayambanso kujambula anzanga akupuma. Miyezi inayi! Lero ndabwera kudzalembetsa dzina kuti Lolemba ndidzaonetse mapulani anga, ndikupeza andidikirira kale pabolodi, atavala chipewa cha m'busa."

"Sindinadziwe kuti awapereka. Ndikulumbira."

"Musalumbire, mpingo wanu suloleza."

Ananyamula chikwama chake n'kulunjika kugeti. Dainess anamuitana kawiri.

* * *

Awiriwa anakumana mu Januwale, mvula ili pakati. Mishoni itangolengeza kuti ikufuna mapulani, Mervin Muhiwa, mnyamata wa ku Khonjeni amene ankagwira ntchito yojambula mapulani a nyumba ku Blantyre, anabwera kudzaona malo. Mvula inamugwira, n'kukabisala pakhonde la kalasi ya Dainess. Kudzera pazenera anaona mtsikana wamfupi akukuwa mpaka mitsempha ya pakhosi kutuluka, ophunzira makumi asanu ndi atatu atathithikana m'chipinda cha anthu makumi atatu, malata akulira ngati ng'oma. Okhala kumbuyo anali atasiya kale kumvetsera, akungokopera kwa anzawo.

Kalasi itatha anamufunsa funso limodzi: "Mukanakhala kuti mukumanga ndinu, mukanamanga yotani?"

Zaka zinayi akuphunzitsa, palibe anali atamufunsapo. Dainess analankhula ola lathunthu. Ankafuna chipinda chimene ophunzira angaonane nkhope, osati makosi a anzawo. Ankafuna azikhala m'magulu, azitsutsana, mphunzitsi aziyenda pakati pawo. Mervin ankangolemba. Mvula inakata, iye osachoka.

Vuto linali kunyumba. Bambo ake a Dainess, a Simeoni Nakhumwa, anali mkulu wampingo komanso wapampando wa komiti yomanga. Kwa iwo Mervin anali ndi milandu itatu: anali Mkatolika, ankagwira ntchito Loweruka, ndipo mayi ake ankathyola tiyi pa esiteti, chakumwa chimene m'nyumba mwa a Nakhumwa sichinalowepo chibadwire Dainess. Tsiku limene Dainess anawayalira mapulaniwo patebulo, anawayang'ana nthawi yaitali, kenako n'kunena kuti awasiyire masiku awiri awaone bwino. Dainess anagona ndi chimwemwe usiku umenewo, akuganiza kuti mwala wayamba kufewa.

* * *

Madzulo a Lachinayi lomwelo, Dainess anawapeza bambo ake pakhonde akuwerenga phunziro la Sabata, magalasi ali pamphuno.

"Bambo, mapulani aja munapita nawo kuti?"

A Nakhumwa anakweza maso pang'onopang'ono.

"Kodi masiku ano ana amalankhula ndi makolo ataimirira?"

Dainess anagwada. Mawondo anagwada, mawu ayi.

"Munawapatsa Everson."

"Ndinapatsa mwana wampingo kuti awakonze. Anali ndi zolakwika zambiri."

"Anali a eni ake!"

"Tsitsa mawu. Mnyamata uja anajambula bwalo la gule, osati malo ophunzirira. Holo yopanda gome unaiona kuti? Mphunzitsi aziima pansi ngati wogulitsa tomato, ana ali pamwamba pake? Anyamata ndi atsikana aziyang'anizana maso ndi maso tsiku lonse, iwe n'kumati akuphunzira?"

"Kuwodi amagwira ntchito limodzi, bambo. Amatembenuza wodwala mmodzi, wina kumutu wina kumiyendo. Kumeneko mudzamangakonso khoma?"

"Usandiphunzitse."

"Mukanawakana basi. Mukanati sitikuwafuna, Mervin akanamva. Koma kutenga thukuta la munthu n'kulembapo dzina la wina, zimenezi pa Sabata mumazitchula kuti chiyani?"

A Nakhumwa anatseka bukhu mwamphamvu.

"Ukunditchula wakuba pakhonde panga?"

"Ine sindinatchule. Ndafunsa."

"Tamvera tsono. Holo imeneyi idzagwiritsidwanso ntchito pa mapemphero, ndipo sindingalole kuti imangidwe ndi munthu amene Loweruka amakhala ali pamakwerero. Ndiponso udziwe, amalume ake a Everson apita kale kawiri kwa amalume ako ku Khwethemule. Nkhani ili bwino. Chatsala ndi iwe kusiya chibwana."

"Ine sindinafunsidwe."

"Ukufunsidwa pano."

"Ndiye yankho ndi ayi."

"Yankho lako ndidzalimva ukadzazizira mutu. Dzuka, ukathandize mayi ako."

Dainess anadzuka, koma sanapite kukhitchini. Analowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko mpaka kalendala ya pakhoma inagwa.

* * *

Lachisanu m'mawa Dainess anamuimbira Mervin kasanu. Foni inkalira mpaka kuduka. Analemba uthenga: "Ndalakwa, ndavomera. Koma sindinadziwe kuti awapatsa Everson. Yankha foni tilankhulane."

Panapita ola. Analembanso: "Mervin, usandilange ndi kukhala chete."

Yankho linabwera ali pakati pophunzitsa. Analiwerengera kuseri kwa tebulo. "Ndamva zoti ankhoswe akuyenderana kale. Zabwino zonse. Holo mwapereka ngati mphatso ya chinkhoswe."

Anamaliza phunzirolo osadziwa chimene akunena. Nthawi ya nkhomaliro anapempha mnzake kuti amugwirire kalasi ya masana, n'kuuyamba wa kusiteji.

Asanafike n'komwe pamphambano, pamene msewu wa mishoni umalowa m'minda ya tiyi, pikapu yoyera inaima pambali pake. Everson anatulutsa mutu, tayi ili pakhosi ngakhale kunali fumbi.

"Sista Dainess, ulendo wa kuti dzuwa lino? Kwerani ndikusiyeni."

"Miyendo ndili nayo."

"Mwakwiya. Ndamva kuti dzulo panali msonkhano pabolodi." Anamwetulira. "Musadandaule za mnyamata uja. Nyumba ndi njerwa ndi simenti. Mapepala aliyense angajambule."

"Ndiye munalekeranji kujambula anu?"

Kumwetulira kunachepa.

"A Nakhumwa anandipatsa ngati maganizo a komiti. Ine ndinangokonza."

"Dzina la Mervin linali m'munsi mwa pepala lililonse. Munalikonzanso?"

"Taonani, ine ndamanga nyumba zitatu za madokotala pano, ndamanga khitchini ya chipatala. Iyeyo wamanga chiyani? Ndikakukwatirani simudzakwera kabaza ngati mmene mukufunira kuchitira panomu."

"A Likoswe, ngakhale mutatsala nokha m'boma lonse la Thyolo, ndingalolere kukwatiwa ndi chitsa cha tiyi. Icho sichiba."

Everson anafinya chiwongolero.

"Mawu amenewo mudzawameza. Lolemba komiti isaina, ndipo bambo anu ndi amene agwire cholembera."

Pikapu inanyamuka ndi liwiro, n'kumusiyira fumbi lofiira pa yunifolomu yoyera.

* * *

Wa kabaza anamutsitsa kuseri kwa magolosale a pa Khonjeni. Kwa a Muhiwa anali atafikako kamodzi kokha. Mayi ake a Mervin, mayi Marita, anali atangoweruka ku esiteti, akumasula pulasitiki imene othyola tiyi amamanga m'chiuno kuti mitengo isawang'ambire zovala. Atamuona sanamwetulire ngati ulendo woyamba uja. Anamuyalira mphasa, anamupatsa moni wonse mwaulemu, kenako n'kumutambasulira manja. Zala zinali zakuda, zong'alukang'aluka.

"Mwawaona awa, mayi? Zaka makumi awiri ndi zitatu ali m'tiyi. Ndi amene anamufikitsa mwana uja ku Poly. Bambo anu akuti ndife odetsedwa chifukwa cha tsamba limeneli. Chabwino. Nanga chochokera m'manja odetsedwa atengeranji?"

Dainess anaweramitsa mutu. Misozi inalengeza, koma anaibweza.

Mervin anatuluka m'nyumba atanyamula chikwama.

"Amayi, musavutike nawo. Ine ndikubwerera ku Blantyre."

"Sukupita kulikonse usanandimve," Dainess anatero akudzuka pamphasa. Mayi Marita anatola dengu lawo n'kuzungulira kuseri kwa nyumba.

"Ndimve chiyani? Za ankhoswe?"

"Za ankhoswe ndazimva dzulo ngati iwe, ndipo ndakana pamaso pa bambo. Everson ndamukana lero pamsewu. Iwe wachita chiyani? Wanditumizira uthenga wachipongwe n'kulongedza chikwama."

"Ukufuna ndivine?"

"Ndikufuna Lolemba ukaime pamaso pa komiti."

"Ndikanene chiyani? Zojambula zoyambirira ndili nazo, inde. Koma ake ali kale pabolodi, ndi chidindo. Adzati ndine ndakopera. Mwana wa wothyola tiyi kutsutsana ndi mkulu wampingo, m'chipinda chodzaza akulu ampingo. Ukuganiza akhulupirira ndani?"

"Ndiye ungowasiyira?"

"Wawapatsa ndiwe, osati ine!"

"Ndavomera kangati? Ukufuna ndigubuduke m'fumbi?" Mawu a Dainess anakwera mpaka nkhuku zinabalalika. "Ndipo usamalankhule ngati holo imeneyo ndi yako wekha. Masitepe otakata aja anakuuza ndani? Khomo lalikulu lija? Amene amatuluka m'kalasi mawu atasasa ndi ndani, iwe kapena ine? Akamanga khoma lija, iwe udzakhala uli ku Blantyre ukujambula nyumba za mabwana. Ine ndidzaphunzitsa mmenemo mpaka imvi."

Mervin anaika chikwama pansi. Kwa kanthawi ankaoneka ngati afewa, koma anapukusa mutu.

"Mboni ilipo imodzi yokha, Dainess. Ndiwe. Ndipo iwe sungaime pagulu kutsutsa bambo ako."

"Ukudziwa bwanji?"

"Ndimakudziwa. Miyezi isanu tikukumana mobisala kuseri kwa fakitale ngati akuba nkhuni. Sunayendepo nane ngakhale kamodzi kudutsa pageti la mishoni." Analoza kumadzulo ndi chibwano. "Taona dzuwa. Thamanga, Sabata lingakupeze kwa Akatolika."

Dainess anamuyang'ana ngati amumenye khofi.

"Ndiwe wamantha, Mervin. Umabisa mantha ako m'mwano."

Anatsanzika mayi Marita mofuula, osadikira yankho, n'kubwerera kusiteji. Njira yonse pakabaza wopalasayo ankayesa kumuchezetsa za mtengo wa nthochi, iye maganizo ali kwina.

* * *

Tsiku lonse la Sabata Dainess ndi bambo ake sanalankhulane. Kutchalitchi Everson anakhala kutsogolo akuimba mokweza kuposa onse. Lamlungu foni ya Dainess sinalire.

Lolemba komiti inakumana mulaibulale. Panali akulu asanu ndi awiri, a Nakhumwa ali pakati, ndi mkulu wa koleji, mayi Rhoda Mpasa, amene anaitana aphunzitsi onse kuti adzamve. Dainess anakhala mzere wachiwiri. Everson atayamba kufotokoza, chitseko chakumbuyo chinalira. Dainess sanatembenuke, koma anamva kukhosomola kumene ankakudziwa. Mervin anali atabwera.

Everson analankhula bwino. Anatchula matumba a simenti, anatchula miyezi, analonjeza kuti pa Sabata sipadzamveka ngakhale hamala. Akulu ankagwedeza mitu.

"Ngati palibe funso," a Nakhumwa anatero akutsegula cholembera, "tingathe kupitirira."

"Aphunzitsi ndi amene adzagwiritse ntchito holoyi," mayi Mpasa anadula. "Alipo ali ndi mawu?"

Dainess anaimirira.

"Ndili ndi mafunso kwa a Likoswe, poti ndi amene anajambula."

"Khala pansi," a Nakhumwa anatero.

"Apampando, pano ndi mphunzitsi," mayi Mpasa anayankha modekha. "Funsani, a Nakhumwa aang'ono."

"Masitepe awa ndi otakata kwambiri, sitepe imodzi kukwana mizere iwiri ya mipando. Chifukwa chiyani?"

Everson anayang'ana pepala.

"Kuti anthu azidutsa bwino. Komanso zimakongola."

"Ayi. Ndi kuti a mzere wakutsogolo azitha kutembenuza mipando n'kuyang'anana ndi anzawo akumbuyo, anthu asanu ndi mmodzi patebulo limodzi, n'kukambirana. Inu mwaikapo mabenchi okhomera pansi. Adzatembenuka bwanji? Funso lachiwiri. Pakati pa malata ndi siling'i pali mpata waukulu, ndi matabwa opendekeka. Ndi a chiyani?"

"Ndi... mpweya. Kutentha."

"Thyolo muno mwatentha liti? Ndi a phokoso la mvula, kuti wokhala kumbuyo azimva mphunzitsi ngakhale kukugwa matalala. Lachitatu. Khomo lakum'mawa ndi lalikulu kawiri kuposa enawo, ndipo lilibe sitepe. Bwanji?"

Everson anamasula tayi pang'ono.

"Apampando, awa ndi mafunso a ukatswiri, sangayankhidwe..."

"Ndi lolowetsera bedi la kuchipatala, kuti ophunzira onse aone mmene timasamalira wodwala. Nsanja yanu mwaimanga pakhomo pomwepo. Bedi lidzauluka?"

Wina kumbuyo anaseka n'kudzigwira pakamwa. Mmodzi wa akulu, a Fabiano, anavula magalasi.

"Mwana wanga, iwe zonsezi ukuzidziwa bwanji?"

Dainess anayang'ana bambo ake. Iwo ankamuyang'ananso, osaphethira, nkhope itauma. Anakumbukira mmene ankamunyamulira paphewa popita ku msonkhano wa misasa, mmene anagulitsira njinga yawo chaka chimene iye anasankhidwa kupita kusekondale.

"Ndikuzidziwa chifukwa ndinalipo akujambulidwa. Anajambula ndi a Mervin Muhiwa, ali kumbuyoko. Anandisungitsa ine. Ine ndinawatenga popanda chilolezo chawo n'kuwapatsa bambo anga, apampando. Anakhala nawo masiku awiri. Mmene anafikira kwa a Likoswe, afotokoze okha."

Cholembera cha a Nakhumwa chinagubuduka patebulo n'kugwa pansi, palibe anachitola.

"Bodza!" Everson anakuwa. "Mtsikanayu ali pachibwenzi ndi munthuyo, aliyense akudziwa!"

"Inde ndili naye pachibwenzi," Dainess anatero, mokweza kuti ndi apakhonde omwe amve. "Chibwenzi sichijambula mapulani. Yankhani za bedi."

Mayi Mpasa anagogoda patebulo.

"Aphunzitsi ndi a Likoswe, tatipatsani mpata. A Muhiwa, tsalani ndi mapepala anuwo."

* * *

Dainess anadikira pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa laibulale. Anzake ankamudutsa, ena kumugwira paphewa, ena kuyang'ana kumbali. Everson anatuluka osamuyang'ana, pikapu yake n'kulira mpaka kugeti. Panadutsa maola awiri.

Oyamba kutuluka anali bambo ake. Ankayenda mowongoka monga mwa masiku onse, koma chipewa anali ataiwala m'kati. Dainess anagwada m'mphepete mwa njira.

"Bambo."

Anaima, osamuyang'ana.

"Zaka makumi atatu ndakhala mkulu pampingo uno. Palibe anandiimitsapo pagulu. Wandivula lero ndi mwana wobala ndekha."

"Ndinakufunsani kunyumba kaye, bambo."

"Kunyumba kwake kuti? Katundu wako ukamupeza pakhonde. Mayi ako usawavutitse, alira kale mokwanira."

Anapitirira. Dainess anatsala chogwada mpaka anazimiririka kuseri kwa tchalitchi. Sanalire. Anadzuka, n'kusasa fumbi m'mawondo.

Kenako Mervin anatuluka, mpukutu wa mapulani kukhwapa, pepala lina m'manja. Atamuona anafulumira, n'kumugwira dzanja pomwepo, poyera, ophunzira akuona.

"Dainess, ndinalakwa. Zimene ndinanena Lachisanu zija, ndinalakwa kwambiri. Sindinaonepo munthu wolimba mtima ngati iwe."

"Zisiye. Akuti bwanji?"

"Awakonda. Andifunsa mafunso ola lathunthu. Khoma lachotsedwa. Gome akuti likhale lonyamula, azilowetsa pa mapemphero pokha. Mayi Mpasa akuti holo ngati imeneyi kulibe ngakhale ku Zomba."

"Ndiye wapambana!"

Mervin anayang'ana kumbali. Dzanja lake linamasuka pang'ono.

"Mervin, chavuta n'chiyani? Pepala ilo ndi la chiyani?"

"Bambo ako anatulutsa lamulo la komiti. Akuti ntchito siingaperekedwe kwa munthu amene ali pa ubale kapena pa ubwenzi ndi banja la membala wa komiti. Lilipodi, a Fabiano analiwerenga. Ndipo iwe unavomera wekha pamaso pa onse."

"Ndiye bambo atule pansi udindo."

"Anawapempha. Akana. Akuti anasankhidwa ndi mpingo, adzachotsedwa ndi mpingo, ndipo zisankho zili kutali."

"Tsono?"

"Tsono akuti ndisaine apa. Kuti pakati pa ine ndi iwe palibe kanthu, ndipo sipadzakhala kanthu mpaka holo itaperekedwa. Osaonana, osalemberana. Akangomva kuti takumana, ntchito yatha."

"Mpaka liti?"

"Zaka ziwiri. Mwina zitatu."

Dainess anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene akudziwa kale yankho.

"Ndiye unawauza kuti chiyani? Nkhope ya bambo inaoneka bwanji utakana?"

Mervin anayang'ana nsapato zake.

"Ndawapempha masiku atatu."

Dainess anachotsa dzanja lake.

"Masiku atatu a chiyani?"

"Oti ndiganize. Dainess, tamvetsa. Mwayi ngati uwu subwera kawiri. Ndikakana, aitana wina wa ku Lilongwe, ajambula bokosi la mabenchi, zonse tinalota zija zathera pomwepo. Unanena wekha kuti udzaphunzitsa mmenemo mpaka imvi. Ndi holo yako imene ndikuganizira."

"Usandinamizire holo! Ine anandipatsa masiku angati? Ndinaimirira muja, bambo anga akundiyang'ana m'maso, ndinapempha masiku angati? Ukudziwa kuti pano ndilibe kogona? Katundu wanga ali pakhonde ngati wa lendi wothamangitsidwa, chifukwa cha mapepala ali kukhwapa kwakowo!"

Mervin anatsegula pakamwa.

"Akuthamangitsa? Sindinadziwe..."

"Wadziwa tsopano. Ng'amba."

"Dainess..."

"Ng'amba pepalalo pano, ndikuona. Holo tidzamanga kwina. Ng'amba, tidutse pageti limodzi, ukandithandize kunyamula katundu."

Belu la masana linalira. Ophunzira anayamba kutuluka m'makalasi, ena n'kuima chapatali kuonerera. Mervin anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Analigwira ndi manja awiri, zala zili m'mphepete.

Kenako analipinda pakati. Analipindanso kachiwiri, mosamala, ngodya ndi ngodya, n'kuliika m'thumba la malaya.